Funsani Amalume: Mtengo wanga wa mandimu wachita chani?

Eee mwezi uno ndiye foni yanga sinapume. Mauthenga a pa WhatsApp, makalata, wina mpaka anandiimitsa pa depoti ndili ndi jumbo ya matemba m'manja, onse nkhani yake imodzimodzi, mandimu. Kaya ndi chimfine cha chiperoni chimenechi kaya anthu akumbukira 2021 muja Covid itavuta mandimu akusakidwa ngati golide mumsika wa Zomba, koma aliyense akufuna wakewake mtengo kuseri kwa nyumba. Ndi maganizo abwino ndithu, mtengo wake ndi wamfupi, masamba amakhala obiriwira chaka chonse, sudya malo ngati mango kapena mapeyala. Ndaphatikizamo ndi mafunso a malalanje ndi manachesi poti ndi pachibale, matenda awo ndi amodzi. Ena ndawafupikitsa chifukwa anthu ena mumalemba ngati mukukadandaula kwa a DC kkkk.

Amalume, zaka zinayi zapitazo ndinagula mbande kwa munthu wina wogulitsa mitengo m'mbali mwa msewu, anandiuza kuti ndi lalanje lomezanitsa lotsekemera zedi. Ndausamala mtengowu ngati mwana ndipo wakula bwino, koma minga yake ngati singano, ndiye chaka chino wabereka zinthu zikuluzikulu zamakwinyamakwinya zowawasa moti ndi ana omwe akuzikana. Kodi munthu uja anandibera? Ndikamupeza ndimutani? — Mayi wa ku Chinamwali

Mayi, musamutani kanthu kaye, imwani madzi mtima ukhale pansi. Mwina anakuberani, zimachitika, koma mwinanso munadzibera nokha osadziwa ngati mmene ndinachitira ine.

Mtengo womezanitsa ndi mitengo iwiri yovala malaya amodzi. Pansi pamakhala mandimu aja akumudzi a khungu lokhuthala lamakwinya, amene pa Chingerezi amati rough lemon, a nazale amawakonda chifukwa mizu yake ndi yamphamvu, imapirira chilala komanso imakula msanga. Pamwamba ndi pamene amaikapo kadiso kochokera ku lalanje labwino, amang'amba khungwa pang'ono nkulowetsamo kadisoko nkumanga ndi pulasitiki, kakagwira amadula mutu wa ndimu uja kuti lalanjelo likule. Nde vuto ndi lakuti wapansiyo sagonja. Amangofuna mpata, amatulutsa mphukira zake m'munsi mwa pomwe anamezanitsapo, ndipo mphukirazo zimakula mwa liwiro, zonenepa, zobiriwira, zokongola kuposa lalanje lenilenilo. Munthu osadziwa umasangalala kuti eee mtengo wanga wayamba kuchita bwino, chonsecho ndi mlendo akulanda nyumba.

Ine zinandichitikira ndili kumene pa banja. Ndinagula nachesi, ndinabzala, patapita miyezi kunatuluka mphukira ziwiri kuchokera pansi zowongoka ngati nsungwi, kanthambi koyambako kali kokhota, kowonda, kochititsa manyazi. Mwa nzeru zanga ndinatenga mpeni nkudula kokhotako kuti kasamalande chakudya. Ndinadula nachesi yeniyeniyo mayi! Zaka zinayi ndikuthirira mandimu ndikuuza alendo kuti dikirani muone manachesi a ku Mwanza ali pano. Mpaka lero azakhali anu akafuna kundiseka amangoti "kodi manachesi aja apsa?"

Ndiye chitani izi. Gwadani patsinde, yang'anani kuyambira pa dothi kukwera m'mwamba pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri, mupeza pena pake pokhota ngati bondo kapena potupa ngati chipsera. Pamenepo ndiye pa mfundo. Chilichonse chotuluka m'munsi mwake si chanu, duleni moyandikira tsinde osasiya kachitsa chifukwa kachitsako kamaphukanso. Ngati pamwamba pa mfundo pakadali nthambi yamoyo, ngakhale ikhale yonyozeka bwanji, imeneyo ndiye lalanje lanu, ikapeza dzuwa ndi chakudya idzuka. Mukasokonezeka tikitani tsamba la uku ndi la uko nkununkhiza, fungo limasiyana, la ndimu silibisala. Koma ngati mtengo wonse ndi umodzi kuchokera pansi popanda bondo paliponse, aaa pamenepo ndiye munthu uja anakugulitsani ndimu wamba atamuveka dzina. Ngakhale zili choncho musaudule, muli ndi tsinde lokhwima la zaka zinayi, itanani wodziwa kumezanitsa adzaikepo maso a lalanje pa nthambi zake, mudikira pang'ono poyerekeza ndi kuyambanso. Alangizi a zaulimi amawadziwa anthu oterewa. Ndipo mukamagulanso tsiku lina musamangomva zokamba, muuzeni wogulitsa akulozereni pa mfundo ndi chala.

Amalume, ine ndinafesa njere ya ndimu, pano chaka chachisanu ndi chimodzi, mtengo wapitirira denga koma ngakhale duwa limodzi. Aneba akuti ndiukhomere msomali wadzimbiri kapena ndiuteme ndi chikwanje patsinde kuti uchite mantha. Nditero? — Bambo wa ku Sadzi

Kkkk bambo, mtengo si mwana wasukulu woti muuopseze ndi chikwapu. Koma tisawaseke kwambiri aneba, pali kachoonadi pang'ono pa zomwe akunenazo. Chakudya chimene masamba amapanga chimatsika kupita ku mizu kudzera mkati mwa khungwa, ndiye mukatema khungwalo chimaunjikana kumtunda ndipo nthawi zina mtengo umachitadi maluwa. Vuto ndi lakuti bala la chikwanje ndi khomo la matenda, makamaka kuno kwathu mvula yake yosasewerayi, mupeza mandimu khumi chaka chino chaka chamawa tsinde layamba kuwola. Za msomali ndiye iwalani.

Mtengo wanu sukudwala, ukadali mwana basi. Wochokera ku njere umatenga zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, wina kuposa apo usanayambe kubereka, ndipo minga yambiri ija ndi chizindikiro cha ubwana womwewo. Womezanitsa umayamba pa zaka ziwiri kapena zitatu chifukwa kadiso kaja kamachokera ku mtengo wokhwima kale. Chimene muyenera kusiya ndi kuudula mutu, ambiri mumati wakula kwambiri nkuusadza, chonsecho maluwa oyamba a mtengo wa njere amatulukira kunsonga kwenikweniko, mukadula mwaubweza m'mbuyo. Chinanso, ngati uli pafupi ndi khola la nkhuku kapena mumauthira Urea pafupipafupi ukhala ukungopanga masamba. Ndipo onani ngati ukuona dzuwa, mandimu apansi pa mango sabereka zolongosoka. Mukakhala kuti mumauthirira tsiku ndi tsiku, tausiyani milungu ingapo m'chilimwe umve ludzu pang'ono kenako muuthirire mokwanira, mitengo ya mtundu uwu imakonda kuchita maluwa ikalandira madzi itauma kaye. Nchifukwa chake mumamva kafungo kabwino kaja mvula yoyamba ikagwa.

Amalume, ndine mphunzitsi ndipo ana a kalabu ya zachilengedwe akufuna kubzala mitengo 20 ya mandimu ndi malalanje kuseri kwa makalasi. Tiyambe liti ndipo tibzale bwanji kuti isafe ngati ya chaka chatha? — Mphunzitsi wa ku Domasi

Aphunzitsi, simunandiuze kuti ya chaka chatha inafa ndi chani koma ndikhoza kulota, mbuzi kapena holide. Tiyambire pa dzenje.

Kumbani maenje mu Okutobala dothi lisananyowe, masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya, kutalikirana mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Ana adzakuuzani kuti sala malowa atha, tifupikitse, musalole, mbande imaoneka yaing'ono lero koma pakatha zaka zisanu nthambi zidzakhala zikulimbana. Dothi lapamwamba lakuda lija ikani mbali ina, katondo wapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana bwino, ndikutitu owolerana, osati ndowe zatsopano kapena zitosi zotentha za dzulo, zimenezo zimawotcha mizu. Bwezerani m'dzenje mpaka lidzaze nkuchita kachulu pang'ono, lisiyeni likhazikike. Mvula ikakhazikika mu Disembala ndiye bzalani, madzulo kapena tsiku la mitambo.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amaphera mtengo: kuzamitsa. Timaganiza kuti tikaukwirira kwambiri ulimba ngati mzati wa nyumba. Ayi. Dothi la m'chubu lifanane ndi dothi la pansi, ngakhale kukwererako pang'ono, ndipo mfundo ija ya pomezanitsa ikhale pamtunda poonekera, isakhudze dothi ngakhale pang'ono. Chubu chotsani, zikumveka zoseketsa koma ndinafukulapo mtengo wokwinimbira wa zaka zitatu nkupeza uli m'pulasitiki yake, mizu itazungulirazungulira ngati nkhata. Mukaona muzu wopindika pansi pa chubu duleni ndi mpeni wakuthwa. Phimbirani ndi udzu wouma mozungulira koma siyani mpata wa chikhatho pakati pa udzu ndi tsinde, chifukwa cha chiswe komanso kuwola.

Ndiye mpanda. Mtengo uliwonse ukhale ndi kampanda kake ka nsungwi kapena minga tsiku lomwelo lobzala, osati mawa. Mbuzi imakonda masamba a mandimu kuposa mmene ana anu amakondera zibwente. Mvula ikatha cha mu Epulo, mtengo waung'ono umafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa mlungu, mu Seputembala ndi Okutobala kukatentha mwina katatu. Gawani mitengo, ana awiri mtengo umodzi, makamaka okhala pafupi ndi sukulu kuti holide yaitali ija isakupezereni. Ikachita tizipatso chaka choyamba thotholani, ndikudziwa ana adzalira, koma mtengo waung'ono ukasenza zipatso umapinimbira. Ndipo tsiku lina atengeni anawo mukawaonetse ku Botanic Gardens m'tauni ya Zomba muno, munda umene unayamba kale mu 1891, akaone kuti mtengo wosamalidwa umafika pati.

Amalume, chiyambire madzi a Freddy aja mtengo wanga wa malalanje sunabwererenso. Masamba achikasu, akuyoyoka, ndipo patsinde pakutuluka utomoni wofiirira ngati uchi. Ena akuti waponderezedwa ndi anthu. — Agogo a kufupi ndi mtsinje wa Likangala

Pepani agogo, Malichi wa 2023 uja anatipweteka tonse, anthu ndi mitengo yomwe. Koma mtengo wanu palibe waulodza. Mandimu ndi malalanje amadana ndi kuima m'madzi, mizu yake imafuna mpweya, ikakhala m'matope masiku angapo timizu tating'ono timene timayamwa chakudya timafa. Ndiye m'dothi lonyowa mumakhala kachirombo ka mtundu wa nkhungu, akatswiri amati Phytophthora, kamene kamalowa pa khungwa la m'munsi nkumalidya. Utomoni mukuuonawo ndi misozi ya mtengo, ukulimbana nako. Ndikukaikiranso kuti madzi aja anasiya matope ataunjikana patsinde, mwinanso inu mwa chikondi munaonjezera kuundira dothi ngati mmene timachitira ndi chimanga. Chimanga timabandira, malalanje sitibandira.

Tumani mdzukulu afukule dothilo ndi manja kapena kamtengo, osati khasu, mpaka pomwe mizu ikuluikulu ikuyambira paonekere pawombedwe ndi mphepo. Kenako ndi mpeni woyera apale khungwa lowolalo, lija lofewa lakuda lonunkha, mpaka afike pa labwino lobiriwira, zopalazo akatenthe. Pabalapo pakani mankhwala a kopa, omwe aja obiriwira amene alimi a tomato amapopera, muwasungunule akhale ngati phala. Kumbani kangalande kuti madzi a mvula asamaime pamenepo, ndipo pothirira musamakhuthule ndowa patsinde, thirani mozungulira kumene nthambi zathera. Ngati chilondacho chazungulira tsinde lonse ngati lamba, agogo ndikuuzeni zoona, mtengowo wapita, nthawi zina umachita maluwa ambirimbiri komaliza anthu nkumati wachira chonsecho ukutsanzika. Koma ngati theka la khungwa likadali lamoyo pali chiyembekezo. Mukamadzabzala wina kumeneko kudambo, bzalani pa kachulu kokwera mpaka m'bondo.

Amalume, masamba a mandimu anga ada bii ngati m'khitchini ya nkhuni ndipo nyerere zikungokwera ndi kutsika. Komanso pali tinthu tina ngati zitosi za mbalame pa masamba koma ndikakhudza tikuyenda!! — Mtsikana wa ku Chikanda

Iwe mwana wanga wandiseketsa, komatu uli ndi maso, ambiri sationa timeneto. Tiyambe ndi zitosi zoyendazo. Ndi mbozi za gulugufe wamkulu uja wakuda wamadontho achikasu amene amazungulira pa mandimu masana. Amaikira kadzira kamodzikamodzi pa masamba anthete, kambozi kakaswa kamakhala kakuda ndi koyera ndendende chitosi kuti mbalame zisakadye, kakakula kamasanduka kobiriwira konenepa ngati chala. Ukakagunda ndi kamtengo kamatulutsa tinyanga tiwiri tofiirira kumutu ndi fungo loipa ngati mandimu owola, usaope sikaluma, ndi matama chabe. Pa mtengo waukulu sizivuta, koma mbande ya m'chiuno mbozi zitatu zitha kuimaliza masamba pa mlungu umodzi. Mankhwala ake ndi zala zako, m'mawa uliwonse tola uponyere nkhuku. Osataya ndalama.

Mwaye wakudawo nkhani yake ndi ina. Tembenuza tsamba, makamaka kunsonga zanthete, upeza nsabwe zakuda zitaunjikana, kapena tinthu toyera ngati thonje, kapena timamba tomatirira pa nthambi tooneka ngati sitili ndi moyo. Tonseti timayamwa madzi a mtengo nkumatulutsa timadzi totsekemera tonanda, timadzito tikagwera pa masamba ndi pomwe pamamera nkhungu yakudayo. Nkhunguyo siidya tsamba, imangolitchinga dzuwa, ukapukuta ndi chala chonyowa uona pansi pake pali pobiriwira bwinobwino. Nyerere nazo zimabwerera shuga yemweyo, ndipo zimaweta nsabwezo ngati ng'ombe, kuziteteza kwa tizilombo tabwino timene timazidya, monga kachikumbu kofiira kamadontho kaja. Ndiye ukathana ndi nsabwe wathana ndi zonse.

Pala sopo wamtanda wochapira masupuni awiri, sungunula m'malita asanu a madzi, onjezera supuni imodzi ya mafuta ophikira, khutchumula bwino, upopere makamaka kunsi kwa masamba. Ukhoza kugwiritsa ntchito botolo loboola pachitsekero. Uchite madzulo dzuwa litapepa chifukwa masana uwotcha masamba, ndipo yamba wayesa pa nthambi imodzi uone mawa lake. Bwereza pakatha mlungu, katatu. Sopo waufa usayerekeze, ndi waukali. Ukapeza masamba a nimu sinja uviike usiku wonse usefe uphatikize, zimathandizanso. Nthambi zokhudza pansi kapena khoma dula, ndiwo milatho ya nyerere.

Amalume, ndimakhala kumtunda kufupi ndi phiri. Masamba a manachesi anga ali ndi timatuza ngati nthomba, ndipo zipatso zikumakhala zazing'ono zopendekeka mbali imodzi, zowawa. Ndathira feteleza koma palibe chasintha. — Mlimi wa ku Malosa

Achimwene, funso lanu ndi limene landidetsa nkhawa pa onsewa. Timatuzato timapangidwa ndi kachirombo kakang'ono kouluka kotchedwa psylla, ana ake amakhala kunsi kwa tsamba lanthete aliyense m'kadzenje kake, ndiye pamwamba pamatukuka. Kachiromboka kamakonda malo okwera ozizira achinyezi, ngati kwanuko ndi m'mphepete monse mwa phiri la Zomba, kumadera otentha a kuchigwa sikachita bwino. Timatuza patokha si nkhani yaikulu, mtengo umangooneka woipa. Choopsa ndi chakuti kachiromboka kamanyamula matenda otchedwa greening kuchoka pa mtengo wodwala kupita pa wabwino, ndipo zipatso zopendekeka mukunenazo zikundikaikitsa.

Yesani izi. Tengani tsamba lachikasu mulipinde pakati potsata mtsempha. Ngati mawanga a mbali iyi akufanana ndi a mbali inayo, imeneyo ndi njala chabe, kawirikawiri kusowa kwa zinc kapena michere ina, manyowa ndi feteleza akonza. Koma ngati mawangawo ali balalabalala osafanana, nthambi imodzi yachikasu zina zili zobiriwira, ndipo mukadula chipatso pakati mupeza mbali ina yaing'ono njere zake zakuda zofota, ndiye kuti mwina ndi matendawa. Mankhwala ochiza palibe. Ikakhala nthambi imodzi ena amaidula msanga kumunsi kwenikweni, koma mtengo wonse ukagwidwa bola kuuzula nkuutentha kusiyana ndi kuusunga uzipatsira anzake. Musanazule itanani alangizi adzaone ndi maso, ine ndikuweruza mlandu wa pa foni. Chimene ndikupempheni ndi chakuti musatengepo maso omezanitsira pa mtengo umenewo, ngakhale kupatsa mnzanu nthambi, chifukwa matendawa amayendanso m'njira imeneyo. Za mbewu ya zipatso akatswiri ake ali ku Bvumbwe Research Station ku Thyolo, si kutali kwenikweni ngati mukufuna kubzala munda wonse.

Poti mwatchula feteleza, ndionjezere kwa onse. Feteleza sathira patsinde. Mizu yodya ili kunja uko kumene madzi a mvula amadonthera kuchoka ku nsonga za nthambi, ndipo ili pamwambamwamba, nchifukwa chake kulima ndi khasu pansi pa mtengowu ndi kuupweteka, udzu muzizula ndi manja. Mtengo wa chaka chimodzi dzanja limodzi la wachitowe likwana, mugawe kawiri kapena katatu m'nyengo ya mvula, muzionjezera mtengo ukamakula. Amene feteleza wakudulirani, ndipo ndani sanamudulire, manyowa a khola ndowa ziwiri zitatu chaka chilichonse mvula isanayambe amagwira ntchito.

Amalume, ndili pa lendi ndipo alandilodi anawaka simenti bwalo lonse. Ndingabzale mandimu mu ndowa? Ndikufuna ndikamasamuka ndidzanyamule, sindingasiyire munthu amene amandikwezera lendi chaka chilichonse. — Mnyamata wa ku Matawale

Kkkkk mphwanga, mtima umenewo ndaumva. Zimatheka ndithu, mandimu ndi umodzi mwa mitengo imene imalola kukhala m'chitini. Koma ndowa ya malita 20 ndi yongoyambira, pakatha chaka udzafune theka la mgolo kapena chibeseni chachikulu cha malita 50 kupita m'tsogolo. Boola mabowo ambiri pansi ndi msomali wotentha, uike pa njerwa kuti madzi azituluka. Dothi usatenge katondo yekha, m'chitini amauma gwa ngati njerwa, sakaniza dothi lakuda, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owola. Uike pomwe dzuwa limafika theka la tsiku kapena kuposa, ndipo simenti ya mu Okutobala imatentha ngati chiwaya, ndiye kuta chitinicho ndi thumba lakale. Pothirira pisa chala m'dothi, chikatuluka chouma thira mpaka madzi atulukire pansi, chikatuluka chonyowa dikira. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino, koma ochapira zovala ndi otsukira mbale za mchere ayi.

Mbande yake usafese njere, udzakwatira nkubereka ana usanalawe. Gula yomezanitsa, kapena ngati pali wachibale amene ali ndi mandimu obereka bwino opanda matenda mupemphe nthambi imodzi yonenepa ngati chala. Usaidule. Senda khungwa mozungulira ngati mphete, masentimita awiri kapena atatu, pala kanembanemba koterera kaja, ukute pamenepo ndi dothi lonyowa losakaniza ndi utuchi wowola, umange ndi pulasitiki uku ndi uku ngati switi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu uona mizu yoyera ikusuzumira m'pulasitikimo, ndiye dula m'munsi mwake ubzale, ukhale pa mthunzi milungu ingapo. Mtengo woterewu suchedwa kubereka poti nthambiyo ndi yaikulu kale. Usayembekeze matumba, koma a tiyi ndi othira pa kachumbari ndi pa chambo chootcha sudzagulanso. Ungokonzeka kuti tsiku losamuka wa kabaza adzakana, theka la mgolo wa dothi si masewera.

Amalume, malalanje athu amakhala obiriwira mpaka kugwa okha osachita chikasu. Ndi mtundu wanji umenewu? — Msodzi wa ku Kachulu

Si mtundu achimwene, ndi nyengo ya kwanu. Khungu la lalanje limasintha mtundu usiku ukamazizira, ndiye kunyanja ya Chirwa kotenthako limatha kupsa mkati kunja lili lobiriwira. Musamadikire mtundu, thyolani limodzi mulawe. Ndipo dziwani kuti lalanje si nthochi, likachoka mumtengo silionjezeranso kutsekemera ngakhale mulivundike m'thumba mwezi wathunthu. Koma akamagwa okha ali ndi kabowo kakang'ono kofewa ndi mphutsi mkati, zimenezo ndi ntchentche za zipatso, muzitola ogwawo tsiku lililonse nkuwakwirira m'dzenje lakuya.

Amalume, nthambi za mandimu anga zadutsa mpanda ndipo aneba akumathyola za mbali yawo osapempha, akuti zili m'bwalo mwawo. Ndidule nthambizo? — Mayi wa ku Ndola

Mayi, mandimu safuna kudulira kwambiri, timangochotsa nthambi zouma, zopingasana mkati ndi mphukira zapansi zija basi, ndipo nthawi yake ndi mukamaliza kukolola. Mukasadza mbali yonse chifukwa cha mkwiyo mtengo upendekeka, dzuwa liwotcha khungwa lomwe linazolowera mthunzi, ndipo chaka chamawa utulutsa mphukira zaminga zambiri mbali yomweyo ya anebawo. Komanso taganizani, mizu ya mtengowo siidziwa mpanda, theka lake ili m'bwalo mwawo ikumwa madzi awo. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga mbale ya mandimu nkukagogoda, nkuwauza kuti amayi a kuno thyolani ndithu, koma mu Okutobala muzithirako ndowa imodzi mbali yanuyo, ndipo ana asamagwetse ndi miyala, akundiswera malata.